Mitala ya m'Bokosi

Dzuwa lapendeka. Agogo aakazi akhala pamphasa pakhonde, atatambasula miyendo, akutonola chimanga m'lichero. Mdzukulu wawo, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku banki ina mumzinda wa Blantyre, wabwera kudzawaona. Foni yake yalira, ndipo wathamangira pachulu cha kuseri kwa nkhokwe, poti m'mudzi monsemu netiweki imagwira pomwepo basi. Vuto la pachulu ndi loti munthu sunganong'one.

MDZUKULU (pafoni): Halo! Eya, ndikukumvani. Wasiya kulankhula ndi anzake? Uti? Wachitatu uja? Koma ine ndinachoka onse atatu akumvana bwinobwino. Chiyambire usiku? Ayi, musamugwire, ameneyo ndimamudziwa ndine. Ndiganize kaye, ndiimbanso.

AGOGO: Tatsikani apo, amuna anga. Bwerani mukhale apa, mundiyang'ane m'maso.

MDZUKULU: Kwagwanji, Agogo?

AGOGO: Atatu.

MDZUKULU: Atatu chiyani?

AGOGO: Ine kuno ndikukusungira mtedza, ndikukana amuna onse a m'mudzi muno kuti wanga ali ku Blantyre akusaka ndalama za malata, osadziwa kuti wandipezera anzanga atatu. Mmodzi wayamba kale kunyanyala.

MDZUKULU: Si akazi amenewo, Agogo. Ndi makina a kuntchito.

AGOGO: Malemu agogo ako aamuna ankatinso akukaona ng'ombe kutsidya. Ng'ombe imeneyo idabereka ana anayi, onse mphuno ya iwowo.

MDZUKULU: Zoona, Agogo, ndi makina. Koma kuti ndikufotokozereni ndiye tifika mawa. Izi ndi zinthu zatsopano, ngakhale anzanga ena a kusukulu sazimvetsa.

AGOGO: Chimangachi sichitha lero. Tenga chimodzi uzitonola uku ukunama.

MDZUKULU: Chabwino. Kuntchito kwathu kuli kompyuta yaikulu, timaitcha seva. Ndi bokosi lachitsulo lopangidwa ndi kampani ya ku America yotchedwa IBM, mtundu wake amati Power. Limakhala m'chipinda chozizira usana ndi usiku, chokhoma, cholowa anthu owerengeka.

AGOGO: Wawatsekera m'nyumba yozizira. Pitiriza.

MDZUKULU: Bokosilo ndi limodzi, koma mkati mwake tinaligawa zigawo zitatu. Chigawo chilichonse timachitcha LPAR. Aliyense mwa atatuwa amadziona ngati kompyuta payekha. Amadzuka yekha, amagona yekha, ndipo pokhapokha titamuuza, sadziwa n'komwe kuti pambali pake pali mnzake.

AGOGO: Denga limodzi, makomo atatu, aliyense akudziyesa kuti ali yekha. Mwana iwe, ukundiphunzitsa mitala ineyo? Ine ndi mkazi mnzanga agogo ako adatitenga chitengwa tonse awiri, bwalo limodzi, mtondo umodzi. Patse zitsononkhozo. Uyu woyamba. Uyu wachiwiri. Uyu wowonda ndiye wonyanyala uja. Tandiuza, woyambayu amagwira ntchito yanji?

MDZUKULU: Ameneyo amasunga mabuku onse a ndalama, kuti uje ali ndi zingati, watapa zingati. Amayendera pulogalamu yotchedwa AIX.

AGOGO: Mayi wamkulu ameneyo. Wosunga makiyi a nkhokwe.

MDZUKULU: Wachiwiri ndi amene amatumikira anthu a pakauntala aja, nayenso ndi wa AIX. Wachitatu ndi wa Linux, amalandira mauthenga a anthu ofuna kuona ndalama zawo pafoni. Bokosi lomwelo likhozanso kusunga wina wa IBM i, kungoti ife tilibe.

AGOGO: Usamutenge ameneyo, atatu akwana. Ndiye wachitatuyu kwawo n'kwina, kaphikidwe kena, ndipo tsiku lonse ali pafoni. Ndadziwiratu chimene chavuta. Nanga bwanji sudawamangire aliyense nyumba yake?

MDZUKULU: Ndalama, Agogo. Mabokosi atatu ndiye kuti magetsi a atatu, malo a atatu, makina oziziritsa a atatu. Chonsecho nthawi zambiri aliyense amagwiritsa ntchito mphamvu zochepa chabe, zina zonse zimangokhala. Komanso khoma la pakati pawo ndi lolimba. Mmodzi akadwala n'kugwa, anzake amapitiriza ntchito osamva kanthu.

AGOGO: Osamva kanthu ayi. Amamva kukoma. Mnzanga uja atagona mwezi ndi malungo ine ndidanenepa. Nanga mwamuna mwini wakeyo ndani m'bokosimo?

MDZUKULU: Mulibe mwamuna, Agogo.

AGOGO: Chimene onse atatu akulimbirana n'chiyani?

MDZUKULU: Purosesa. Kachipangizo kamene kamachita kuganiza konse.

AGOGO: Pa zoganizazo ndakayika, koma ngati akulimbirana ndi yemweyo. Amagona kwa ndani? Sabata kuno, sabata uko?

MDZUKULU: Mukhoza kupatsa aliyense purosesa yakeyake, kapena agawane. Kuyambira 2004, pamene IBM inatulutsa makina a POWER5, chigawo chimodzi chikhoza kupatsidwa ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a purosesa. Sekondi iliyonse amaidula tizidutswa 100, kachidutswa kalikonse mamilisekondi 10. Amene tinamulembera gawo limodzi mwa 10 uja, pa kachidutswa kalikonse amalandirapo milisekondi imodzi.

AGOGO: Bwereza. Pa sekondi imodzi amazungulira makomo onse kangati?

MDZUKULU: Ka 100.

AGOGO: Mayo ine! Ameneyo ngakhale nsapato savula. Madzi osamba ungamuikire liti?

MDZUKULU: Ndipo tikalola, amene ntchito yamuchulukira amabwereka nthawi imene mnzake sakuigwiritsa ntchito.

AGOGO: Kubwereka tsiku la mnzako? Ukuliona dzino ili palibepoli? Lidachoka pa nkhani yomweyo.

MDZUKULU: Awa samenyana, chifukwa pali wowagawira. Timamutcha hypervisor. Si chigawo ngati enawo, amakhala pansi pa onse, anabwera ndi bokosilo kuchokera kufakitale. Ndi amene amapatsa aliyense nthawi ya purosesa, amapatsa aliyense memori yake, n'kumalondera kuti wina asasuzumire m'memori ya mnzake.

AGOGO: Udampeza ali momwemo, sachoka, amagawa ufa, ndipo mwana wake amapita kumene iye wanena. Apongozi amenewo. Patse chitsononkho chachikulucho, akhale pakati apa. Ayi, chopindikacho. Ankayenda chonchi.

MDZUKULU: Agogo, mukusokoneza sayansi.

AGOGO: Sayansi yako idayamba liti?

MDZUKULU: Kugawa makina chonchi IBM inakuyamba mu 1988 pa makompyuta ake akuluakulu aja a mainframe, ndi njira yotchedwa PR/SM. Pa makina a AIX kunafika mu 2001.

AGOGO: 1988? Amayi ako anali asanavinidwe, ine ndidali nditatopa nayo kale mitala. Ndiye umati zatsopano. Azunguwo adachedwa, akadabwera kudzafunsa kuno tikadawauza ndi zoopsa zake zomwe. Safunsa adadya phula. Tsono atatuwa amalankhulana chiyani, poti wati sadziwana?

MDZUKULU: Apo ndiye pali ntchito yanga. Munthu akafunsa pafoni kuti ndalama zake zatsala zingati, uthenga umafikira kwa wachitatu. Koma wachitatuyo alibe mabuku. Ayenera kukafunsa kwa woyamba.

AGOGO: Kukapempha mchere kwa mayi wamkulu. Zowawa zimenezo.

MDZUKULU: Kale aliyense ankafunika khadi lake la netiweki, lachitsulo, ndi waya wake. Uthenga unkatuluka m'bokosi kudzera m'waya, kukafika pa switch, kachipangizo kolumikiza mawaya, n'kubwerera ndi waya wina kulowanso m'bokosi lomwelo.

AGOGO: Kutuluka panja, kuzungulira nyumba ndi mvula yomwe, kukagogoda kwa munthu amene ukumumva akutsokomola kuseri kwa khoma. Tinkatero ifenso. Ulemu umenewo.

MDZUKULU: Ulemu wodula, Agogo. Makhadi ndi ndalama, mabowo oikamo makhadi m'bokosimo ndi owerengeka, ndipo waya munthu akhoza kumukoka mwangozi. Ndiye mu 2004 momwemo anabweretsa netiweki yosagwirika. Hypervisor ali ndi switch yakeyake mkati mwake, yopanda chitsulo, dzina lake lobadwa nalo ndi ETHERNET0. Wachitatu akafuna kulankhula ndi woyamba amapereka uthenga kwa hypervisor, iye amaukopera kuchoka m'memori ya uyu kuika m'memori ya uyo. Waya palibe. Uthenga sutuluka n'komwe m'bokosi.

AGOGO: Imani kaye. Zonse zimene akazi awiri akuuzana zikudzera m'kamwa mwa apongozi?

MDZUKULU: Tinene choncho.

AGOGO: Ndipo iwe ukudabwa kuti wina wanyanyala? Kandimverere adakanena za m'maluwa.

MDZUKULU: Uyu sawonjezera, sachotsera. Chimene walandira ndi chimene amapereka.

AGOGO: Apongozi osathira mchere pankhani sadabadwe. Anga ndidawatuma kuti akanene kuti ndabwereka chipande. Kukafika uko akuti ndati nsima ya mnzanga ndi yosapsa. Ngakhale kuti idalidi yosapsa.

MDZUKULU: Mundilole ndimalize, mwina ineyo ndikumbukira pamene pavuta. Pokonza zimenezi sitigwira bokosi lenilenilo. Pali kakompyuta kena kapadera kolamulira, timakatcha HMC. Ndimalowa mmenemo, n'kusankha chigawo, n'kuchipangira khadi la netiweki losagwirika. Ndimalipatsa nambala ya malo, kenako nambala yofunika kwambiri, ya VLAN. Amene makhadi awo ali ndi nambala ya VLAN yofanana amamvana. Amene nambala zawo zasiyana, ngakhale ali pa switch imodzi, wina akhoza kukuwa mpaka kusasa mawu, mnzake osamva.

AGOGO: Ndiye kuti iweyo ndi amene umasankha kuti uyu azicheza ndi uyu, uyu asamacheze ndi uyo?

MDZUKULU: Eya. Mwachitsanzo woyamba ndi wachiwiri ali pa VLAN 20. Woyamba ndi wachitatu pa VLAN 30. Wachiwiri ndi wachitatu sakumana, chifukwa wachitatu amalandira mauthenga ochokera kwa anthu akunja, sitifuna kuti akuba akamunyengerera apeze njira yolowera paliponse.

AGOGO: Apo wachita nzeru. Aang'ono awiri akagwirizana, wamkulu ndiwo zake zimatha mosadziwika. Koma nambalazo zikadzakuthera?

MDZUKULU: Sizingathe. Zimayambira 1 kulekeza 4094. Lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1998 ndi bungwe la IEEE, amalitcha 802.1Q. Pa uthenga uliwonse amamatapo kachizindikiro ka mabayiti 4, mkati mwake muli mabiti 12 a nambala, ndiye ma 2 okwana 12 ukawachulukitsa onse zimapereka 4096, kuchotsapo ziwiri zosungidwa—

AGOGO: Chimanga chaima m'manjamo. Ndakufunsa ngati zingathe, wati ayi. Zinazo ukawauze amene amakulipira.

MDZUKULU: Ndimangofuna mudziwe kuti khadi limodzi likhoza kumva ma VLAN okwana 20.

AGOGO: Munthu mmodzi kumva za m'makomo 20? Tili naye m'mudzi muno, amakhala pafupi ndi mjigo. Ukatha kuwagawira nambala basi amayamba kucheza?

MDZUKULU: Ayi, pamatsala kulowa mkati mwa chigawo chilichonse. Khadi lija limaonekera mmenemo ngati lenileni, mu AIX limabwera ndi dzina ngati ent1. Pulogalamu siidziwa kuti khadilo silingagwirike ndi manja. Ndimalipatsa adiresi ya IP, uyu 10.10.30.1, uyo 10.10.30.3, kuti akhale a mzere umodzi. Kenako ndimayesa ndi ping. Uyu amatumiza kauthenga kakang'ono, uyo akamva amayankha.

AGOGO: Odi kuno! Odini!

MDZUKULU: Ndendende.

AGOGO: Akapanda kuyankha?

MDZUKULU: Ndiye kuti mwina nambala za VLAN zasiyana, mwina adiresi ndaiphonya, mwina—

AGOGO: Mwina alimo, wangoti zii kuseri kwa chitseko akukumvera. Sunakwatirepo iwe. Tsono ndikufunse. Atatuwa akulankhulana kudzera mwa apongozi, waya palibe, chilichonse chili mkati. Wa pafoni uja anthu akunja amamufikira bwanji? Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

MDZUKULU: Khomo lilipo. Switch ya hypervisor imathera m'bokosi momwemo, siitulukira panja payokha. Ndiye pali chigawo china chapadera, timachitcha VIOS—

AGOGO: China?

MDZUKULU: Ntchito yake ndi kutumikira enawo basi.

AGOGO: Wachinayi! Pachulu paja umati atatu!

MDZUKULU: Ameneyu sitimuwerengera, Agogo.

AGOGO: Onse amatero. Ameneyu ndi wongothandiza ntchito, ameneyu ndi msuweni wa kutali. Patse chitsononkho china.

MDZUKULU: VIOS ndi amene amagwira khadi lenileni lachitsulo, lokhala ndi waya wopita kunja. Ali ndi khadi linanso losagwirika loyang'ana mkati, limene pa HMC timalichonga kuti liloledwe kutulutsa mauthenga. Ine ndimalowa mwa VIOS n'kulemba lamulo loti mkvdev -sea, kutchula khadi lenileni, kutchula losagwirika lija, basi awiriwo amangidwa pamodzi. Chomangidwacho amati Shared Ethernet Adapter. Uthenga wa aliyense wopita kunja umadzera pamenepo, wochokera kunja umaloweranso pamenepo. Waya mmodzi, onse akudyerapo.

AGOGO: Ndiye kuti mayi wamkulu, mwini mabuku a ndalama, sangalandire mlendo popanda kudzera kwa wantchitoyu?

MDZUKULU: Ngati sitinamupatse khadi lakelake, sangathe.

AGOGO: Umuyang'anitsitse ameneyo. Wogona pakhomo ndi amene amalamula nyumba. Tsiku limene adzadwale mutu nonse mudzagona ndi njala.

MDZUKULU: N'chifukwa chake timaika awiri.

AGOGO: Asanu! Ambuye, ndichitireni chifundo. Zitsononkho zikutha. Agogo ako adalekera pa awiri, mpaka lero anthu amawatchula pamaliro ngati chenjezo.

MDZUKULU: Wachiwiriyu amangodikira. Woyamba timamupatsa udindo nambala 1, mnzake nambala 2. Wa nambala 1 ndi amene amatsegula khomo. Akagwa, kapena waya wake akaduka, wa nambala 2 amatsegula lake nthawi yomweyo, anthu a pakauntala osadziwa kuti china chake chachitika.

AGOGO: Amadziwa bwanji kuti mnzake wagwa?

MDZUKULU: Ali ndi kanjira kawo ka awiri, VLAN yawoyawo. Pafupipafupi wina amamva kwa mnzake kuti akadali moyo. Kukangoti zii, amadziwa kuti nthawi yake yakwana.

AGOGO: Ifenso tinkafunsana m'mawa uliwonse. Mwadzuka bwanji, amnzanga? Ndadzuka bwino. Yankho limenelo silinkasangalatsa aliyense.

MDZUKULU: Choopsa ndi chakuti kanjira kameneko kasokonezeke onse ali moyo. Aliyense amaganiza kuti mnzake wamwalira, onse amatsegula makomo.

AGOGO: Atambala awiri salira m'khola limodzi.

MDZUKULU: Zikatero uthenga wopita kwa aliyense umatulukira khomo ili, n'kulowera khomo ilo, n'kutulukanso, n'kulowanso, osaima, mpaka netiweki yonse kudzaza, ya m'bokosi ndi ya muofesi yomwe. Palibe amene amamva mnzake.

AGOGO: Imeneyo ndimaidziwa. Idatuluka m'nyumba muno kuti ndataya singano. Pobwerera madzulo, ndidali nditaba mbuzi ya amfumu.

MDZUKULU: Uwu susintha, Agogo, umangochuluka.

AGOGO: Usawaikire kumbuyo. Nanga apongozi akunyamula mauthenga tsiku lonsewo amadya chiyani? Palibe mthenga woyenda ndi njala.

MDZUKULU: Funso limenelo linabwera pamayeso. Kukopera uthenga kulikonse kumadya nthawi ya purosesa. Khadi lachitsulo limagwira ntchito ina palokha, koma apa yonse imagwera purosesa. VIOS ukamumana gawo lokwanira, netiweki yonse imayenda mokwawa, anthu n'kumanamizira waya wosalakwa. Pochepetsa maulendo, pakati pa zigawo zokhazokha timatha kukulitsa mtolo wa uthenga. Kunja mtolo wamba ndi mabayiti 1500, koma mkati ukhoza kupitirira 60,000, bola onse awiri agwirizane kukula kwake.

AGOGO: Funso limene linabwera pamayeso ndalifunsa ine wosapita kusukulu. Fizi ija tinkagulitsira fodya akubwezera theka?

MDZUKULU: Agogo, anzanga akudikira. Anthu sakuona ndalama zawo pafoni chiyambire m'mawa.

AGOGO: Ndiye tikhale pansi ngati ankhoswe, tisiye zoseka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wonyanyalayu wadwala?

MDZUKULU: Ayi, wadzuka bwinobwino. Akunja akulankhula naye. Koma kwa woyamba sakufika.

AGOGO: Woyambayo ndi wachiwiri akumvana?

MDZUKULU: Akumvana.

AGOGO: Ndiye apongozi tawachotsa pamlandu, ngakhale sindikufuna. Usikuwo kudachitika chiyani?

MDZUKULU: Anazimitsa bokosi lonse mwadala, amakonza za magetsi m'chipindamo. Atamaliza anawadzutsa onse mmodzimmodzi. Zinthu zachizolowezi.

AGOGO: Awiri oyambawo adayamba liti kulankhulana?

MDZUKULU: Kalekale, bokosi litangofika. Anawalumikiza ndi bwana wanga.

AGOGO: Wachitatuyu?

MDZUKULU: Posachedwapa. Ndinamulumikiza ndine. Ndipo Agogo, ndinachita mwaukatswiri. Makina amenewa amalola kuwonjezera khadi chigawo chili mkati mogwira ntchito, osachizimitsa, timati DLPAR. Masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ali pamzere, ine ndinaika khadi la VLAN 30, ping inayankha, palibe amene anaphethira. Bwana anandigwira chanza.

AGOGO: Udamulowetsa masana, mwakachetechete, ntchito ili mkati.

MDZUKULU: Eya.

AGOGO: Ankhoswe adali ndani?

MDZUKULU: Ankhoswe a chiyani?

AGOGO: Awiri oyamba aja, amene adawalumikiza bwana wako, zawo zidalembedwa penapake?

MDZUKULU: Zili mu profile. Chigawo chilichonse chili ndi chikalata chake pa HMC, chonena kuti uyu purosesa yake ndi yochuluka chonchi, memori chonchi, makhadi ake ndi awa. Chikazimitsidwa kotheratu, podzuka chimawerenga chikalatacho n'kutenga zimene zalembedwamo.

AGOGO: Zimene zalembedwamo.

MDZUKULU: Eya, zimene zalembe...

AGOGO: Watani? Chimanga chakutsamwa? Sunadye n'komwe.

MDZUKULU: Khadi loika chigawo chili moyo limakhala m'makina okha. Kuti likhalitse umayenera kusunganso zimene wasinthazo mu profile.

AGOGO: Ukwati wolowana! Ndidanena ine. Mwana wa eni wamutenga masana, wopanda nkhoswe, wopanda kalata, bwana wakugwira chanza. Tsiku loyamba limene mudzi wagona n'kudzuka, afufuza m'kaundula, dzina lake mulibe. Ndiye ukuti wanyanyala? Sadanyanyale ameneyo. Khomo lake lopita kwa mayi wamkulu adalimata usiku iye ali m'tulo.

MDZUKULU: HMC ya masiku ano ili ndi poti uchonge kuti zosintha zizilembedwa zokha mu profile.

AGOGO: Udachonga?

MDZUKULU: Chimangachi chatsala chambiri, Agogo?

AGOGO: Kwera pachulu.

MDZUKULU (pafoni): Halo! Tatsegulani HMC, mupite pa profile ya wachitatu uja, muone makhadi osagwirika. La VLAN 30 lilipo? Palibe? Eya, ndimaganiza choncho. Muonenso kwa woyamba, lake lilipo? Chabwino, limenelo analemba ndi bwana. Ndiye muikeni wachitatuyo khadi pa nambala ya malo yomwe ija, VLAN 30, kenako musunge mu profile. Musunge, ndati! Osaiwala, anthu ambiri amaiwala pamenepo. Yesani ping. Yayankha? Basi. Ayi, musathokoze, nzeru zimangobwera munthu ukakhala phee kumudzi.

AGOGO (mokweza): Wanama! Nzeruzo zili pamphasa pano, zikutonola chimanga!

MDZUKULU: Ndi wailesi imeneyo, aise. Tionana Lolemba.

AGOGO: Wailesi? Ine wailesi? Ndidakusambitsa m'beseni lija lili apolo, lero ndasanduka wailesi. Akakufunsa abwana ukanene kuti mlandu adaweruza ndi mayi wamkulu weniweni, wa kumudzi, amene sadamugawire ngakhale gawo limodzi mwa 10.

MDZUKULU: Pepani, Agogo. Mwandithandiza, zoona. Mwezi ukatha ndikutumizirani shuga, paketi zisanu, ndi chitenje.

AGOGO: Ndi machesi agulidwe, ndi mafuta a nyale.

MDZUKULU: Zonsezo. Ndalonjeza.

AGOGO: Walonjeza ndi pakamwa, masana, ntchito ili mkati. Lowa m'nyumbamo, pansi pa Baibulo pali kope la kumpingo ndi pensulo. Ulembe shuga, ulembe chitenje, usayine, ndipo uitane amalume ako achitire umboni. Ndaona mmene zinthu zako zimathera ukagona n'kudzuka.